Mutu 6: Kuvomera Dzina la Mwini

1. Liwu la pa bolodi

Lachisanu masana Ticha Gilbert analemba liwu limodzi pa bolodi, lalitali kuyambira pakona mpaka pakati, kenaka anatembenuka n'kusasa choko m'manja.

ALIENATION.

"Ndani atiuze tanthauzo lake?"

Sukulu ya ana a Fomu 4 amenewa inali nyumba yakale ya mzungu wa pulazi, munda waukulu wa fodya kufupi ndi Darwendale, cha kumadzulo kwa Harare, ndipo iwo ankaphunzirira m'chipinda chimene kale chinali chodyeramo. Ena anakhala pa mabenchi, ena pa njerwa, koma pa funso limeneli onse anafanana. Maso anali pansi.

Sharifa, mwana woyamba wa Che Yahaya a ku komboni, analiyang'anitsitsa liwulo. Kumapeto kwake sankakudziwa, koma zilembo zoyambirira zinali zakwawo ndithu. Anali ataziona kambirimbiri pa chitupa cha bambo ake. Anakweza dzanja.

"Ndi kukhala ndi chitupa cholembedwa ALIEN, Ticha. Munthu wobadwira konkuno, koma boma n'kumati ndi wobwera."

Kalasi yonse inafa ndi phwete.

"Mwafunsa mwini wake, Ticha!" anakuwa Takudzwa, mnyamata wa pakamwa posatseka. "Izi mabwidi ndiye amazidziwa!"

Limeneli ndi dzina lonyoza limene ena amatchula nalo ana a anthu ochokera ku Malawi, ndipo amalitchula mopepuka ngati akupempha mchere. Sharifa anakokera mpango wake kumaso.

Ticha Gilbert sanaseke. Anadikira kuti phwetelo lithe lokha.

"Takudzwa, iwe sunakweze dzanja, wakweza pakamwa pokha. Sharifa waphonya pang'ono, koma wayandikira kuposa nonsenu. Liwu ili likutanthauza kusanduka mlendo pamalo pamene suyenera kukhala mlendo: m'dziko lako, pantchito pako, ngakhale m'nyumba ya amayi ako. Tsopano tsegulani buku lija."

Buku lija analemba ndi munthu wa ku Ulaya itangotha nkhondo yaikulu, ndipo ana ankangolitcha buku la mlonda. Nkhani yake inali yaifupi. Munthu wina ankagwira ntchito yotseka ndi kutsegula geti la njanji kuchipululu, yekhayekha, n'kumatumiza zonse zimene wapeza kwa amayi ake ndi alongo ake mumzinda. Patapita zaka anapita kukawaona. Anamulandira bwino kwambiri, ndi ulemu wonse umene anthu amapatsa mlendo, ndipo atangomaliza kudya anamufunsa kuti geti walisiyira ndani. Munthuyo anabwerera kuchipululu tchuthi chisanathe.

"Funso ndi ili," anatero Ticha. "Ndani anamutsekera mlonda uja kuchipululu? Abale ake, kampani ya njanji, kapena iye mwini? Mlembi akuti munthu amasankha nthawi zonse, ngakhale pamene akunena kuti analibe chosankha. Kodi n'zoona? Sharifa, Lolemba m'mawa uyankha ndiwe pamaso pa alendo."

Za alendowo aliyense ankazidziwa. Kunali kubwera mayi wina wochokera ku sukulu yogonera komweko ya ku Chinhoyi, imene chaka chilichonse inkatenga mwana mmodzi wa m'mapulazi kuti akaphunzire Fomu 5 ndi 6 ulere. Mayiyo sankakhutira ndi mapepala a mayeso okha. Ankafuna kumva mwana akulankhula.

Sharifa anatuluka m'kalasi atafungatira bukulo pachifuwa, ndipo za Takudzwa anali ataziiwala kale.

2. Chipewa pa bondo

Kunyumba anapeza folomani Laxon atakhala pa chigubu pakhomo, chipewa chili pa bondo. Folomani akavula chipewa pakhomo pa wantchito, dziwani kuti sanabwere ndi zabwino.

Che Yahaya anasankha fodya pa pulazi imeneyo kuyambira nthawi ya mzungu mpaka ya bwana watsopano wokhala ku Harare. Koma mvula itangosiya anagwa ali pantchito, sitiroko n'kuwapha mbali ya kumanja. Tsopano ankangogona pamphasa m'chipinda cha mkati, mawu akutuluka movutikira. Amayi a Sharifa anali ndi mphumu, ndipo fumbi la fodya linkawatseka pachifuwa asanafike n'komwe pakhomo la shedi. Ana ena awiri anali aang'ono.

"Amai Sharifa, ine ndangotumidwa," anatero Laxon kwa amayi a mtsikanayo. "Lolemba tikuyamba kusankha fodya. Abwana akuti imba ya pa komboni ndi ya munthu wa basa, wogwira ntchito. Nyumba iyi ili pa dzina la mudhara Yahaya. Ndikaitana dzina m'mawa popanda wovomera, kiyi ndipereka kwa ena. Kuli anthu a ku Guruve akugona pansi pa ngolo ya thirakitala, akudikira."

"Zaka zonsezi, baba Laxon? Munthu wagwera pantchito yomweyo."

"Ndikudziwa, amai. Zvakaoma, n'zovuta." Laxon anatsitsa mawu, n'kumuyang'ana Sharifa ndi diso la kumbali. "Koma abwana sadziwa nkhope za anthu awo. Iwo amangofuna mabelo. Ine ndimaitana kuti Yahaya, wina n'kuvomera kuti ndilipo. Kuti wavomerayo ndi wandevu kapena wa mpango, m'mawa ine sindiona bwino."

Anavala chipewa chake n'kumapita.

Amayi anadikira mpaka atazimiririka kuseri kwa nyumba za anthu, ndiye anayamba.

"Sharifa mwanangu, khala pansi undimve. Sindikudana ndi sukulu yako. Yunifolomu wavalayo ndinasoka ndine. Koma tandiuza, akatichotsa muno tilowera kuti? Anzako a Chishona ali ndi kumusha, zikavuta amakwera basi kupita kwa agogo awo. Ife kwathu ndi kuno. Agogo ako anabwera wapansi kuchokera ku Mangochi, ndipo agona m'manda kuseri kwa mabalani uko. Ku Malawi ndilibe ngakhale munthu mmodzi wondidziwa dzina. Bambo ako tiwanyamula pa wilibala? Tikawagoneka pansi pa mtengo uti m'chisanu chino? Anthu a pa pulazi ya kutsidya anawachotsa chaka chatha, unawaona wekha m'mbali mwa msewu ndi mapoto awo, ana akulira. Mwana wamkulu m'nyumba muno ndiwe. Ukanakhala mwamuna sindikanachita kukupempha, ukanadziwa wekha. Buku ulipeza chaka chamawa, mwanangu, koma kiyi akangopita kwa anthu a ku Guruve sabweranso."

"Amayi, alendo aja akubwera Lolemba lomwelo."

"Ndiye kuti Mulungu watiyesa tonse pa tsiku limodzi," anatero amayi, n'kudzuka kukasonkha moto.

3. Sekuru Kalino

Pa komboni nkhani siigona m'nyumba imodzi. Loweruka m'mawa, Sharifa akuchokera ku mjigo, anamva wina akumuitana kuchokera pakhoma la shedi. Anali Sekuru Kalino, nkhalamba yosoka masaka okutira mabelo, imene inali itaona mafolomani ambiri akubwera ndi kupita.

"Iwe mwana wa Yahaya, tula chigubu apo. Ndamva kuti Laxon wakupatsa nzeru."

"Sanandipatse ine, Sekuru. Anauza amayi."

"Nzeru imeneyo si yake, ndi yakale kuposa iye. Tandiuza, dzina langa ndani?"

Sharifa anaseka. "Ndinu Sekuru Kalino."

Nkhalambayo inabaya singano pa saka n'kuisiya pomwepo.

"Kalino anali mkulu wanga. Ndiye anali wolembedwa ntchito pa pulazi ino. Tsiku lina anathawira ku mgodi wa ku Mhangura kukafuna moyo wabwino, n'kutisiya ndi amayi m'nyumba ya mzungu. Ine ndinali pasukulu, ndipo masamu ndinkawatha, funsa aliyense amene watsala. Folomani wa nthawi imeneyo ananena mawu omwewa: vomera dzina la mkulu wako mpaka abwere. Ndinati ndi za masiku ochepa. Ndinavomera. Poyamba ankandiitana Kalino m'shedi mokha. Kenaka anayamba kundiitana Kalino ku mpira. Chaka chisanathe, amayi anga enieni, amene anandibereka n'kunditcha dzina lina, anandiitana Kalino pondipatsa chakudya, ndipo sanazindikire n'komwe. Mkazi wanga anakwatiwa ndi Kalino. Ana anga ndi ana a Kalino. Mwini dzina anamwalira ku Mhangura kalekale, ine ndikumugwirirabe ntchito.

"Ndiye mvera, mdzukulu wanga. Sindikukuuza kuti usiye bambo ako panja, ayi, limenelo ndi tchimo. Ndikungokuuza zimene zimachitika. Ukangoti ndilipo, tsiku lomwelo onse apuma. Amayi ako apuma, Laxon apuma, a ku mzikiti amene akanasonkhana kuti aone chochita nawonso apuma. Palibe amene adzafunenso njira ina, chifukwa njira yapezeka, ndipo njirayo ndiwe. Sadzachita zimenezi chifukwa cha nkhanza. Adzakukonda kwambiri, adzakupatsa mbale yaikulu. Koma za sukulu sadzazitchulanso, kuopa kukukumbutsa."



"Nanga ndichite chiyani, Sekuru?"

"Ndikanadziwa, bwenzi ndili pano ndikusoka masaka?"

Mtsikanayo anawerama kuti asenze chigubu, koma anaimanso.

"Sekuru, dzina lanu lenileni ndi ndani?"

Nkhalambayo inazula singano ija n'kuyambanso kusoka.

"Amene ankalidziwa onse ali kuseri kwa mabalani. Senza madzi ako, amayi akudikira."

4. Mayeso a pamphasa

Lamlungu masana amayi anapita kukatola nkhuni ndi ana aang'ono aja. Sharifa anamwetsa bambo ake phala, n'kuwapukuta pakamwa, kenaka anakhala m'mbali mwa mphasa ndi buku lake.

"Baba, ndikuuzeni zimene ndikanalankhula mawa?"

Che Yahaya analimva liwu lakuti ndikanalankhula. Thupi linali litawakana koma makutu anali akuthwa. Anagwedeza mutu.

Sharifa anawafotokozera za mlonda uja, za geti, za ulendo wake wa mumzinda. Kenaka anaimirira ngati ali kutsogolo kwa kalasi.

"Ndinaona chinthu chimene anzanga sanachione, Baba. M'buku lonseli mlembi sanatchulepo dzina la munthu ameneyu. Kampani imamutcha mlonda. Amayi ake, akamacheza ndi anansi, amamutcha amene amatitumizira uja. Alongo ake samuda, amamupempherera tsiku ndi tsiku. Koma mukamvetsera bwino, amapempherera dzanja lake, kuti lisadwale, lisatope. Iyeyo samudziwa. Ndiye ndikanati anamutsekera kuchipululu ndi onse pamodzi, popanda ngakhale mmodzi woipa mtima. Apo ndiye pali chisoni cha bukuli, chifukwa palibe woti umukwiyire."

Bambowo anamuyang'anitsitsa osaphethira.

"Kenaka Ticha akanandifunsa kuti, nanga iye mwini? Makiyi a geti anali m'manja mwake, bwanji sanangochoka? Pamenepo ndiye ndimasowa poyankha. Mlembiyo akuti munthu amasankha nthawi zonse. Ine ndikuti mlembiyo sanagonepo mu komboni."

Che Yahaya anaseka ndi theka la pakamwa lomwe linali lamoyo. Kenaka anayamba kukoka mawu limodzilimodzi.

"Abale akewo... ankadya?"

"Ankadya, Baba."

"Iyeyo... anamufunsa... ngati wadya?"

Sharifa anaganiza. "Ayi. Anamufunsa za geti."

Bambowo anatseka maso kwa kanthawi. Atawatsegula anali onyowa.

"Mawa... pita kusukulu."

"Nanga nyumba, Baba?"

"Dzina... ndi langa. Likagwa... ligwe ndi ine."

Mwina mukuganiza kuti Sharifa anasangalala. Ayi, anakwiya, ndipo anakwiya kwambiri. Kufikira nthawi imeneyo akanatha kunena kuti amukakamiza, ndipo kukakamizidwa kuli ndi kupepuka kwake. Tsopano amayi anati shedi, bambo anati sukulu, ndipo chinthu chonsecho chinatsala m'manja mwake, monga momwe mlembi wa ku Ulaya uja ananenera. Anatuluka panja n'kuyamba kukwecha poto amene anali atamutsuka kale.

5. Kuitana mayina

Lolemba kunacha ndi chisanu cholasa m'mafupa. Sharifa anavala yunifolomu yake, pamwamba pake n'kuvala juzi ya bambo ake ndi chitenje, chimene kuno amachitcha zambia. Buku analibisa m'chiuno. Anali atapeza nzeru yake: akavomera dzina, agwira ntchito mwachangu, kenaka avula zambia n'kuthamangira kusukulu alendo asanachoke. Nzeru za mtundu umenewu zimaoneka zokwanira ndithu munthu asanatuluke m'nyumba.

Simbi, chitsulo choitanira antchito, inalira. Antchito anafola kutsogolo kwa shedi, manja ali m'khwapa. Kumpanda kunaima anthu a ku Guruve aja ndi mitolo yawo, akungoyang'ana. Cha uko, m'njira ya kusukulu, ana a mayunifolomu ankadutsa akuthamangitsana.

Laxon anayamba kuitana.

"Petro!"

"Ndilipo."

"Selina!"

"Ndiripo."

"Kalino!"

"Ndilipo," inatero nkhalamba ija, osatukula mutu.

"Yahaya!"

Sharifa anakhudza buku lija m'chiuno.

"Yahaya!"

Mayi wina wa kumpanda anasuntha mwana kumsana n'kuyandikira pang'ono. Sharifa anayang'ana njira ya kusukulu. Anayang'ananso denga la nyumba yawo, pamene utsi wa amayi ake unkatuluka. Laxon analowetsa dzanja m'thumba, ndipo makiyi analira.

"Yaha..."

"Ndilipo."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anakwana. Laxon anapitirira ku dzina lotsatira ngati palibe chachilendo chimene chachitika.

Atalowa onse, chitseko chinatsekedwa, chifukwa fodya akapitidwa mphepo amauma n'kuyamba kufumbutuka m'manja. Apa ndi pamene nzeru ya Sharifa inayamba kutha. Laxon anamuonetsa mulu wa masamba wofika m'chiuno.

"Mugwazo wa Yahaya ndi uwu. Ukaumaliza, upite kumene ukufuna."

Mugwazo ndi ntchito imene munthu amapimiridwa pa tsiku, ndipo uwu unapimidwira manja a Che Yahaya, amene ankadziwa tsamba pongolikhudza. Sharifa sankatha kusiyanitsa lachikasu chowala ndi lachikasu chakupsa. Mayi Selina, amene anakhala naye pa benchi limodzi, anamuonetsa kangapo mwachifundo, kenaka anabwerera ku mulu wawo, poti nawonso anali ndi ana odyetsa. Fumbi linamulowa Sharifa m'mphuno, zala zinada ndi utomoni, dzuwa linakwera pa mawindo, koma muluwo unkangooneka chimodzimodzi.

Chakumasana kunamveka galimoto panja. Bwana wa ku Harare analowa ndi Laxon pambuyo, akutola tsamba apa ndi apo n'kumalinunkhiza. Asanafike pakati pa shedi, chitseko chinatsegukanso. Anali Ticha Gilbert, thukuta lili kamukamu, buluku atalimanga ndi mphira chifukwa cha njinga.

"Pepani, akuluakulu. Ndikufuna mwana wanga wasukulu. Alendo akumudikira. Sharifa!"

Bwana anatembenuka. "Laxon, muno muli mwana wasukulu? Ukufuna ogula fodya anditsekere msika?"

"Aiwa, shefu. Muno muli antchito okhaokha."

"Sharifa!" anaitananso Ticha.

Anali atamuona. Kolala ya yunifolomu inali itasuzumira pamwamba pa juzi, ndipo maso a Ticha anali pomwepo. Sharifa anadziwa kuti akangoyankha, bwana afunsa kuti Yahaya weniweni ali kuti, ndipo dzuwa lisanalowe bambo ake akhala ali pa wilibala. Anakankhira kolala ija mkati, anazyolika, n'kutola tsamba lina.

Bwana anatsata maso a mphunzitsiyo n'kumuloza.

"Iwe wa mpango, dzina lako?"

"Yahaya, shefu."

Ticha Gilbert anachotsa maso pa iye. Ana inu amene mukuwerenga, musafulumire kumuweruza mtsikanayu, pakuti ngakhale mphunzitsi wake, amene anapalasa njinga mtunda wonsewo, sanamuweruze.

"Pepani," anatero. "Ndalakwitsa shedi."

Chitseko chinatsekedwanso kuti fodya asaume.

6. Awiri m'nyumba imodzi

Mugwazo unatha dzuwa litapendeka, ndipo unatha chifukwa Mayi Selina ndi Sekuru Kalino anabwera kudzatolako atamaliza yawo.

Podutsa pa mjigo, amayi otunga madzi anamukuwira mwansangala.

"Maswera sei, Yahaya! Mwana uyu ndi mwamuna ndithu!"

Sankamunyoza. Ankamuyamikira ndi mtima wonse, ndipo chimenecho ndicho chinamupweteka Sharifa.

Kunyumba anapeza amayi atamutenthetsera madzi m'beseni limene bambo ake ankasambira akaweruka. Tiyi anamuthirira m'kapu ya bambo ake, ija yaikulu ya chitsulo. Nkhope ya amayi inali itamasuka koyamba chigwereni Che Yahaya, ndipo ngakhale chifuwa chawo chinkamveka chopepuka.

"Mulungu akudalitse, mwanangu. Mawa ndikudzutsa msanga, ndikukonzera mbatata yoti ukadye kumeneko. Manja azolowera, usadandaule."

Za alendo sanafunse.

Sharifa anasuzumira m'chipinda cha mkati. Bambo ake anali atatembenukira kukhoma. Anawapatsa moni, koma sanayankhe. Fungo la fodya limene linali pa juzi yawo linali litawauza zonse.

Anatuluka n'kukhala pa chigubu chija pakhomo, kapu ili m'manja. Buku linali likadali m'chiuno, litapindika ndi thukuta, koma analibe mtima wolitulutsa. Anatopa kwambiri moti sanamve njinga ikuima kuseri kwa nyumba.

"Odi kuno! A Yahaya alipo?"

"Ndilipo."

Pakamwa pake panayankha pokha, iye asanaganize. Ndipo nthawi yomweyo, kuchokera m'chipinda cha mkati, mawu ena olemera, okokedwa movutikira, anali akumalizira liwu lomwelo.

"Ndi... lipo."

Mawu a bambowo anafika mochedwa. Mwana wawo anali atawatsogolera pa dzina lawo lomwe, pakhomo pawo pomwe, ndipo iwo anamva. Amayi anaima ndi chikombe m'manja. Sharifa anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba kugwera m'kapu muja.

Ticha Gilbert anatulukira pakona, anayedzamiritsa njinga kukhoma, n'kuvula chipewa. Anayang'ana mtsikanayo, anayang'ananso khomo la chipinda cha mkati.

"Ndimafuna bambo," anatero mofatsa, "koma poti mwavomera awiri, ndilankhula ndi nonse. Mayi aja a ku Chinhoyi amva ana onse, ndipo sanakhutire. Ndinawauza za mwana amene anaona chitupa cha bambo ake m'liwu la pa bolodi. Agona ku Darwendale, ndipo akuti m'mawa, asananyamuke, ndiwapatse dzina limodzi."

Anakhala pa njerwa moyang'anana ndi Sharifa, chipewa n'kuchiika pa bondo.

"Simbi ya Laxon ilira nthawi yomweyo. Ndiye ndabwera kudzafunsa, mwanangu, kuti mawa iwe ndiwe ndani."

M'chipinda cha mkati mphasa inalira. Che Yahaya, amene chigwereni anali asanachokepo okha pamphasapo, anali akudzikoka ndi dzanja limodzi kulunjika pakhomo.